Ma series oyenda m'nthawi: ndiyambe iti pomwe mpata ndi wochepa?

Nabanda

Abale, ndimakonda kwambiri ma series a anthu oyenda m'nthawi, aja obwerera kukaona zakale kapena kudumphira m'tsogolo. Koma mpata ndi wochepa. Ndikaweruka kuntchito pali kuphika ndi homuweki ya ana, ndiye chotsala ndi ola limodzi, mwina masiku atatu pa sabata. Ndikufuna kuyamba Dark, koma akuti imasokoneza mutu ukamaionera modumphadumpha. Doctor Who nayo ndi yaitali moti poyambira sindikupaona. Ndimaonera pafoni, ndi bandulo. Ndiyambe iti, ndipo ndichite bwanji kuti nkhani isamandithawe? Ilipo yoti ndingaonere ndi mwana wa zaka 11?

Kadzidzi

aNabanda, ma series amenewa amasiyana pa lamulo la nthawi, ndipo lamulolo ndi lomwe likuuzeni kaoneredwe kake. Alipo ena oti zakale zimasinthika: munthu abwerera, akhudza kanthu, pobwera apeza zinthu zasintha. Timeless ndi yotero. M'gawo loyamba amapita ku 1937, tsiku limene chombo cha m'mlengalenga cha Hindenburg chinapsa, ndipo pobwerako mmodzi wa iwo amapeza banja lake silili mmene analisiyira. Yotereyi mukhoza kuonera gawo lina Lolemba, lina Lachisanu, osavutika, poti pafupifupi gawo lililonse lili ndi chaka chake ndi nkhani yake.

Dark siilola zimenezo. Kumeneko wobwerera kukaletsa tsoka nthawi zambiri ndi yemwe amaliyambitsa, ndiye kalata kapena chithunzi chapakhoma chomwe mwachiona mongodutsa chimadzagwira ntchito magawo khumi kutsogolo. Ili ndi magawo 26: sizoni yoyamba 10, yachiwiri 8, yachitatu 8, ndipo inatuluka kuyambira 2017 mpaka 2020. Nkhani yake ili m'katauni kotchedwa Winden, m'zaka za 2019, 1986 ndi 1953, zotalikirana ndi zaka 33. Chosokoneza kwenikweni si zakazo ayi, ndi anthu. Mabanja ndi anayi, Kahnwald, Nielsen, Doppler ndi Tiedemann, ndipo munthu mmodzi amaseweredwa ndi anthu awiri kapena atatu malinga ndi msinkhu wake.

Tengani kope ndi pensulo. Pensulo ndithu, osati bolopeni, chifukwa mudzafufuta kangapo. Patsamba limodzi jambulani mizere yotsika ya zaka zitatuzo, musiye malo kumanzere ndi kumanja poti sizoni yachiwiri imawonjezera zaka zina. Mopingasa ikani mabanja anayiwo. Munthu akatchulidwa dzina, mulembeni pansi pa chaka chomwe mwamuonera, ndi chizindikiro chake. Opanga seweroli anaika zizindikirozo dala: Claudia Tiedemann maso ake ndi osiyana mtundu pa msinkhu uliwonse, Helge Doppler wamkulu ali ndi khutu lowonongeka, Jonas ali ndi jekete lachikasu la mvula. Chakumapeto kwa gawo lachitatu amaonetsa nkhope za 1986 pambali pa nkhope za 2019. Pamenepo imitsani, mulembe onse, ngati mmene agogo amalongosolera chibale pamaliro kuti uyu anabereka uyu. Mukapadutsa mothamanga, magawo otsatirawo mudzangoona nkhope zachilendo.

Pa magawo atatu pa sabata, sizoni yoyamba muimaliza musanathe masabata anayi. Kupuma kukhale pakati pa masizoni, osati pakati pa sizoni. Ndipo chonde musalembe dzina la munthu wa mu Dark pa Google kuti mukumbuke kuti ndi ndani. Mzere woyamba womwe utuluke ukuuzani makolo ake enieni, ndipo chinsinsi cha seweroli chagona pomwepo.

Mwana asaonere. Muli ana osowa, mitembo ya ana, zogonana, ndipo pachiyambi penipeni pali munthu wodzipha.

Chitsulo

Ine ndiyankhepo za foni ndi bandulo. Mu app ya Netflix, momwe muli Dark, muli posankha kagwiritsidwe ntchito ka data. Pa Save Data, 1 GB imakupatsani maola pafupifupi 6. Pa Automatic ndi maola pafupifupi 4. Mukalola HD, ola limodzi lokha likhoza kudya mpaka 3 GB. Dark yonse ndi maola pafupifupi 24, ndiye kuti 4 GB pa Save Data, 6 GB pa Automatic, koma pa HD ikhoza kupitirira 70 GB. Magawo anu atatu a pa sabata sakwana n'komwe 1 GB pa Automatic.

Pa Dark musatsitse kufika pa Save Data. Zambiri zimachitika usiku, m'nkhalango ndi m'phanga, ndipo chithunzi chamdima ndi chomwe chimayamba kuphwanyikaphwanyika data ikachepa. Nkhope zimasanduka madontho, ndiye maso a Claudia aja simuwaona. Walitsaninso sikirini ndipo muzimitse babu la kumbuyo kwanu, chifukwa limanyezimira pagalasi.

Chabwino kwambiri ndi kupanga dawunilodi magawo a sabata yonse nthawi imodzi, pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, kuti netiweki ikamavuta madzulo gawo lisamaime pakati. Musadzaze foni ndi sizoni yonse ngati malo ndi ochepa, komanso madawunilodi ena amatha okha pakapita masiku ndipo amafuna kuwatsitsanso. Foni ikhale ndi chaji yopitirira theka musanayambe, magetsi akhoza kuzima.

Zimitsani Autoplay ya gawo lotsatira, ili mu Playback Settings ya profile yanu. Magawo amenewa amathera dala pamalo oti mtima uli m'mwamba, ndipo lotsatira likangoyamba lokha, ola lanu limodzi lija lasanduka atatu, m'mawa kudzuka n'kovuta. Ana apangireni profile yawo, yanuyo muikepo PIN.

China, Dark ndi ya Chijeremani. Mawu a Chingerezi ojambulira pamwamba alipo, koma amachotsa kulemera kwa ochita seweroli. Imakoma m'Chijeremani ndi mawu olembedwa pansi, kutanthauza kuti maso sangachoke pafoni. Si yoonera uku mukuvundula ndiwo.

Amalume_a_Ndirande

Za kope ndikugwirizana nazo, koma achemwali, ine sindikanakuyambitsani ndi Dark. Munthu wofika kunyumba atatopa, ali ndi mwana wofuna kuonera naye, amayenera Doctor Who. Dark muisungire nthawi ya tchuthi kapena mwezi womwe ntchito yaphweka.

Kutalika kwake kusakuopseni. Inayamba pa BBC pa 23 November 1963, inaima mu 1989, n'kubwereranso mu 2005. Zakalezo zisiyeni kaye, ndipo ngakhale mutafuna simungazione zonse, chifukwa matepi ambiri a m'ma 1960 anafufutidwa. Magawo 9 mwa otayikawo anachita kukapezeka ku Jos, ku Nigeria, mu 2013. Makomo abwino olowera ndi awiri. Loyamba ndi gawo lotchedwa Rose la 2005, pomwe Doctor, mwini nkhani woyenda m'nthawi, amaseweredwa ndi Christopher Eccleston. Sizoni imeneyo ili ndi magawo 13 a mphindi pafupifupi 45, okwana bwino mu ola lanu. Lachiwiri ndi The Eleventh Hour la 2010, pomwe Matt Smith amayambira kusewera Doctor. Kwa mwana ndingasankhe lachiwirili: chithunzi chake ndi chooneka bwino, ndipo nkhani imayamba ndi kamtsikana kakang'ono komwe kakumana ndi Doctor kuseri kwa nyumba yawo, ndiye mwana amalowa m'nkhani msanga.

Pomwe ambiri amasokonekera ndi apa. Doctor akatsala pang'ono kufa amasintha thupi ndi nkhope, ndipo wosewera wina amatenga malo. Kusinthako kwachitika kangapo m'magawo apadera a pa Khrisimasi, omwe m'malo ena oonera amaikidwa pawokha, kunja kwa masizoni. Mukawadumpha mumangopeza Doctor ndi munthu wina popanda chifukwa. Gawo loyamba lathunthu la David Tennant ngati Doctor ndi The Christmas Invasion la 2005, amachoka mu The End of Time lomwe linatha pa 1 January 2010, ndipo Matt Smith amachoka m'gawo la Khrisimasi la 2013. Mukamaliza sizoni iliyonse, fufuzani kaye ngati pali gawo lapadera musanayambe inayo. Onaninso ngati gawo lomwe mukuyamba ndi la nkhani ya zigawo ziwiri. Zoterozo zisungireni Loweruka, kuti mwana asakagone nkhani ili pakati.

Kope pano musavutike nalo. Lamulo la nthawi mu Doctor Who ndi lofewa: zinthu zambiri zimasinthika, kupatula zochitika zina zomwe Doctor amati n'zokhazikika. Chokha chofuna tcheru ndi River Song, mayi yemwe amakumana ndi Doctor mosemphana, iye akudziwa zomwe Doctor sanafikepo.

Ndi sewero la banja, koma limaopsa ndithu m'malo ena. Blink, gawo la 2007 la ziboliboli zomwe zimayenda munthu akangophethira, ndi limodzi mwa okoma kwambiri, koma liyambeni mwaliona nokha musanamuonetse mwana, ndipo naye muonere masana. Kupezeka kwa seweroli kumasiyana dziko ndi dziko, ndiye onani kaye komwe lili musanalipire kalikonse.

Nabanda

Zikomo nonse. Ndiyamba The Eleventh Hour ndi mwana Loweruka, Dark ndiisunge. Funso limodzi lotsala: nditayamba Dark kenako n'kuphonya masabata awiri pakati pa sizoni, ndiyambirenso pachiyambi?

Kadzidzi

Ayi, musayambirenso, ambiri amasiyira pomwepo chifukwa chotopa ndi kubwereza. Werengani kope lanu kwa mphindi zisanu, kenako onereninso gawo lomaliza lomwe munaona, lonse, osathamangitsa. Kuti kopelo lidzakuthandizeni tsiku limenelo, gawo lililonse likatha muzilemba mizere itatu: ndani ali m'chaka chiti pakadali pano, ndani wadziwa chinsinsi chomwe ena sakuchidziwa, ndi chinthu chiti chasintha manja, kaya kalata, buku kapena makina. Mzere woyambawo ndi womwe umaiwalika msanga, chifukwa m'sizoni yachiwiri anthu angapo amakhala kunja kwa chaka chawo nthawi imodzi.

Kupumako kukapitirira mwezi, bwererani magawo awiri. Koma sizoni yachitatu yokhayo musaiyambe mpaka mutatsimikiza kuti muli ndi masabata atatu opanda chosokoneza, chifukwa imawonjezera zina zomwe tsamba lanu loyamba lija silingakwanitse. Mutsegule tsamba lachiwiri pambali pake, la mizere yofanana, musanayambe gawo loyamba.