K50,000 ya Anaphiri yalowa kuti?

Mlembi: Mwaswera bwanji amayi nonse. Ndikuyeretsa buku la banki m'khonde yathu pokonzekera kugawana mu Disembala. Zonse zikugwirizana kupatula ngongole ya Anaphiri. Anatenga K150,000 kumayambiriro kwa Julayi. Chiwongoladzanja cha 20 peresenti cha Ogasiti ndi Seputembala anapereka, K60,000. Mu Okutobala amayenera kubweza K180,000 yonse, koma m'buku mwangolowa K15,000. Yotsala K165,000, tikaikapo K33,000 ya Novembala ikukwana K198,000. Palinso K3,000 yojomba katatu.

Anaphiri: K15,000 yake itiyo? Ine ndinatumiza K50,000 pa Airtel Money, pafoni ya amsungichuma, Loweruka usiku titangomaliza kuvina ku Matawale. Meseji ilipo, sindinafufute.

Msungichuma: Inafika, sindikukana. Koma achemwali mwaiwala kuti zovala zisanu ndi chimodzi za gulu lanu lovina ndinasoka ndine? K35,000 yanga yosokera, kuyambira Julayi mpaka lero zii. Ndinatengapo yangayo, yotsala ndinalowetsa m'bokosi.

Anaphiri: Popanda kundiuza?

Msungichuma: Inuyo munalemba kuti ndi ya chiyani? Munangotumiza. Ine ndinaona ngati mwandikumbukira.

Anambewe: Ayi amsungichuma, apa pokha ayi. Loweruka usiku, mawa lake kuli msonkhano wa banki, munthu n'kutumiza ndalama kwa msungichuma, mungati inali ya telala?

Gogo Nabanda: Ine ndinanena tsiku lomwelo kuti ndalama za gulu zisapite ku magule. Wina akatenga ngongole ya tomato timauona tomatoyo ku Mpondabwino. Izi zodikula mchombo uli pamtunda, mikanda ya kuchipinda ili pabwalo, mayi wa ana atatu, phindu lake tikaliona kuti?

Anaphiri: Agogo, si mikanda. Ndi lamba wansalu wosokerera tizitsulo tonga makobidi, kuti chiuno chikagwedezeka tizilira motsatana ndi ng'oma. Guleyu anthu amamudziwa kuti belly dance, ndi wa Aluya, ku Egypt amamutcha raqs sharqi. Ku Cairo amavina paukwati, wovina amatsogolera akwati, ena atasenza choikapo makandulo oyaka pamutu. Ife timavina kwambiri ku ma bridal shower ndi zinkhoswe, ndipo pamimba timavala kansalu kothina, mchombo suoneka. Nanga chisamba chimene munatiphunzitsa inu nomwe chiuno chimangokhala phee?

Gogo Nabanda: Chisamba n'cha amayi okhaokha. Sichiponyedwa pa Facebook.

Wapampando: Amayi, tiime kaye. Banki m'khonde si bwalo la anankungwi. Malamulo athu amati ngongole ikhale ya chinthu chobweza ndalama, ndipo tsiku lija tinakweza manja tonse, ndi agogo omwe. Bambo a kunyumba kwawo akudziwa, amachita kuwaperekeza. Tikambe za K35,000.

Msungichuma: Ndiye ndilankhule nane. Nsalu yoterera ija anakagula ku Limbe kwa amwenye siyenda pamakina ngati chitenje, imathawa pansi pa singano. Tizitsulo tija makina sasoka, ndi pamanja, kamodzikamodzi, lamba mmodzi mizere itatu. Ndinagona mochedwa sabata yathunthu, zala zinachita matuza, ndinakana mayunifolomu a ana a sukulu chifukwa cha ntchito imeneyi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi ndi zipi zomwe n'zodula. Ndikawafunsa amati dikirani atilipire. Nanga ine ana anga adye kudikira?

Anaphiri: Ntchito munagwira yabwino, aliyense amafunsa kuti anasoka ndani. Koma ngongole yosokera ndi ya gulu lovina, tilipo asanu ndi mmodzi, tinagwirizana kusonkherana. Ya banki ndi imene ili padzina langa. K50,000 ija inali yofupa, gawo langa la maukwati awiri, ndinachita kuwongola ma K200 ndi ma K500 opondedwa ndi nsapato pa perekaniperekani n'kukaika kwa ejenti. Yeniyeni imene tinapangana ndi eni ukwati wina wa ku Chinamwali sanamalize, anapereka theka, enawo akuti mawa mawa. Ndiye Seputembala wamkulu wayamba Fomu 1, fizi, yunifolomu, nsapato. Musaone ngati ndikudya ndalama zanu.

Abiti: Ine ndimakhala nawo moyandikana ku Chikanda, ndichitire umboni. Amadzuka mdima kuotcha mandasi, kuperekeza wapakati kusukulu, masana mpamene anzawo amabwera kudzayeserera kuseri kwa nyumba. Foni amaitsamiritsa pandowa akuonera YouTube, wamng'ono ali kumbuyo, akagona amamutsitsa pamphasa n'kupitiriza. Ulesi alibe. Koma achemwali nanunso munalakwa. Lamulo limati ndalama iperekedwe pamsonkhano, pamaso pa onse, owerenga ndalama awerenge. N'chifukwa chake bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu. Foni ili ndi pini imodzi.

Anaphiri: Lamlungu limenelo mwana anatentha thupi usiku wonse, ndinali naye kuchipatala. Ndinaopa kuti ndikaisunga m'nyumba ithera mankhwala ndi ndiwo.

Mlembi: Ngati kunali kuchipatala, K1,000 ya tsiku limenelo ichoke, bola tione kabuku ka mwana. Masiku awiri enawo munali kovina ku Liwonde ndi ku Domasi, imeneyo ndi bizinesi, chindapusa chilipo.

Anaphiri: Ziwirizo ndalola.

Anambewe: Tiwerengere bwino. K50,000 ikanalowa yonse, yotsala ikanakhala K130,000, ya Novembala K26,000, zonse K156,000. Kusiyana ndi K198,000 ndi K42,000. Ndiye kuti K35,000 ija yabereka K7,000 pamutu pa munthu amene sanaigwire n'komwe.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Amsungichuma, ndinu mnzanga wa kalekale koma apa ndinena. Munthu wosunga bokosi sadzilipira yekha ngongole yake pa ndalama yodzera m'manja mwake, ngakhale ngongoleyo ili yoona. K35,000 ibwerere m'bokosi Lamlungu. Anaphiri, kauzeni anzanu asanuwo kuti telala alipidwe mwezi uno usanathe, ife tikufuna timve kuti zatheka. Ndipo K156,000 ndi K2,000 zikhale zitalowa pofika sabata yoyamba ya Disembala, apo ayi tidula pa masheya anu monga mwa lamulo.

Msungichuma: Ndibweza. Koma malamba awiri anabweretsa kuti ndikonze aja akhala kwanga mpaka ndione ndalama yanga.

Anaphiri: Loweruka tili ndi chinkhoswe ku Sadzi! Mukawagwira tivina anayi, ndalama yokulipiraniyo ichokera kuti?

Gogo Nabanda: Apatseni malambawo, akavine, abweze ndalama zathu. Ine ndikufuna feteleza mvula isanakhazikike.

Abiti: Agogo asintha mtima 😂

Gogo Nabanda: Sindinasinthe. Masheya anga ali momwemo.

Mlembi: Nanga K7,000 ija ndilembe padzina la ndani? Ikangofufutika ndiye kuti taluza tonse pogawana.

Anambewe: Amene anagwira ndalamayo mwezi wonse.

Msungichuma: Amene anaphwanya lamulo potumiza pafoni.

Wapampando: Imeneyo tikweza manja Lamlungu 2 koloko kwa Abiti. Anaphiri mubwere ndi foni ili ndi moto, tione mesejiyo, ndi kabuku ka mwana. Amsungichuma, malamba muwapatse Lachisanu.