Barcode yochokera ku Lambda ikuoneka bwino, koma sikana ikuikana

Wofunsa, wa ku Kamwala:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru. Ndikuthandiza sitolo ina yogulitsa katundu wapikulitsa kuno ku Kamwala, ndipo eni ake akufuna kuti katoni iliyonse yolowa m'nyumba yosungiramo katundu izimatidwa lebulo yokhala ndi barcode. Poona mmene magetsi amazimira, sindinafune seva yokhala m'sitolomo, choncho ndinalemba function (kapulogalamu kakang'ono) pa AWS Lambda, ntchito ya Amazon yoyendetsa mapulogalamu pa maseva awo, a ku Cape Town. Functionyo imalandira nambala ya katundu kudzera pa API Gateway (khomo la Amazon lolandirira zopempha za pa intaneti) n'kubweza chithunzi cha barcode ya mtundu wa Code 128 chopangidwa ndi bwip-js, pulogalamu yojambula ma barcode. Poyamba browser inkaonetsa zilembo zambirimbiri m'malo mwa chithunzi, koma zimenezo ndinazikonza nditaika isBase64Encoded kukhala true ndiponso kuwonjezera image/png pa binary media types. Chomwe chandiimika mutu tsopano n'chakuti chithunzicho chikakhala pakompyuta foni imachiwerenga msanga, koma chikasindikizidwa palebulo sikana ya m'manja imachita kunyengereredwa, ndipo nthawi zina imakaniratu. Dzulo mnyamata wolandira katundu anaweramira katoni ya sopo akupendeketsa sikana uku ndi uku, mpaka anatopa n'kulemba nambalayo m'kope.

Woyankha, wa ku Chilenje:
Achimwene, musanakhudzenso function yanu, tiuzeni zinthu zitatu: printa yanu imasindikiza madontho angati pa inchi, lebulo ndi yaikulu bwanji, ndipo nambala zanu zimaoneka motani. Mutiuzenso ngati chithunzicho chimadutsa mu JPEG penapake, chifukwa JPEG imafufutitsa m'mphepete mwa mizere.

Wofunsa:
Zikomo akulu. Printa ndi ya thermal (yosindikiza ndi kutentha), ya 203 dpi (madontho 203 pa inchi), malebulo ndi a 50mm m'litali ndi 25mm m'lifupi, ndipo nambala zimakhala ngati KMW-004512. Chithunzi ndi PNG kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Patsamba losindikizira ndinachiuza kuti chidzaze lebulo yonse, poganiza kuti barcode ikakula ndiye kuti iwerengeka mosavuta.

Woyankha, wa ku Chilenje:
Vuto lagona pamenepo, ndipo Lambda ilibe mlandu. Printa ya 203 dpi imaika madontho 8 pa milimita iliyonse, kotero lebulo yanu ili ndi madontho 400. Mu Code 128 chizindikiro chilichonse chimatenga timagawo 11 (kagawo kamodzi ndi m'lifupi mwa mzere wochepetsetsa), ndipo chotsekera chimatenga 13. Nambala yanu, malinga ndi kuwerenga kwanga, ili ndi zizindikiro 10: choyambira, zilembo zitatu ndi kamzere, chosinthira ku Code C (njira yolemba manambala awiri m'chizindikiro chimodzi), manambala awiriawiri katatu, ndi chotsimikizira. Zonse pamodzi ndi timagawo 123. Mukatambasula timagawo 123 pa madontho 400, kagawo kalikonse kamafuna madontho atatu ndi kota, koma printa siingawotche kota ya dontho. Chomwe imachita n'kupatsa mzere wina madontho atatu, wina anayi, pamene mizereyo inayenera kufanana, ndipo sikana, yomwe ntchito yake ndi kuyerekeza kukula kwa mizere ndi mipata, imasokonezeka.

Chachiwiri, podzaza lebulo yonse mwadya malo oyera a m'mbali. Code 128 imafuna mpata wopanda kanthu wa timagawo 10 kumanzere ndi 10 kumanja, kuti sikana idziwe poyambira ndi pothera. Mukawonjezera amenewo mupeza timagawo 143. Pa madontho atatu kagawo kalikonse mungafunike madontho 429, omwe sangakwane, choncho tengani awiri: madontho 286, omwe ndi 35.75mm. Barcode ichepa ndithu, koma iwerengeka.

Mayi wa ku Woodlands:
Ndikugwirizana ndi masamuwa, koma ndiwonjezere zomwe zinandipweteketsa mutu chaka chatha pa ntchito yofanana ndi imeneyi. Choyamba, bwip-js imatulutsa PNG yopanda mtundu kumbuyo ngati simunaiuze, ndipo ine ndinaona lebulo ikutuluka yakuda bii chifukwa pulogalamu yosindikizira inadzaza kumbuyoko ndi kuda. Ikani backgroundcolor ikhale FFFFFF. Kenako musaiwale kuti browser imawerenga mapikiselo 96 pa inchi, motero chithunzi cha mapikiselo 286 mukachisiya chokha chituluka chopitirira 75mm. Lembani kukula kwake mu mamilimita, ndipo muchotse chisankho chija chokwanitsa chithunzi papepala.

Kunena zoona, ine sindikanatumiza chithunzi n'komwe. Ngati printayo imamva ZPL, chilankhulo cholamulira maprinta a malebulo, function ingobweza mawu ochepa, malamulo a ^BY2 ndi ^BC pamodzi ndi nambala, ndipo printa ijambula yokha mizere pa madontho ake enieni. Zimapulumutsanso mabando, omwe tonse tikudziwa mtengo wake.

Woyankha, wa ku Chilenje:
Amayi anena zoona pa ZPL, ngakhale kuti kutumiza mawuwo kuchoka mu browser kupita ku printa ya USB kumafuna kapulogalamu kena koikidwa pakompyuta ya m'sitolo, ndipo ameneyo ndi katundu wina woti achimwenewa azimusamalira. Ine ndikanasiya PNG, koma function izilandiranso dpi ndi kukula kwa lebulo, iziwerenga yokha madontho a kagawo, ndipo izikana pobweza uthenga wa vuto wa HTTP 400 ngati nambala yatalika moti singakwane, m'malo moifinya mwakachetechete.

Wofunsa:
Ndabwerako ku Kamwala madzulo ano. Printayo ndi ya mtundu wosadziwika bwino ndipo ZPL siimva, choncho ndatsatira njira ya PNG: madontho awiri pa kagawo, kumbuyo koyera, mpata m'mbali zonse ziwiri, ndi 35.75mm patsamba. Tinasindikiza malebulo 30 n'kuwamata pamakatoni, ndipo 28 anawerengeka pa ulendo woyamba. Awiri otsalawo ndinawayang'anitsitsa pawindo, ndipo ndinapeza kuti mizere yakuda yanenepa n'kulowerera m'mipata, zomwe zinatha nditatsitsa kutentha kwa printa pang'ono. Eni sitolo afunsa ngati malebulo omwewa angamatidwe pa matumba a shuga okutidwa ndi pulasitiki yonyezimira, ndipo ndawauza kuti ndiyesa kaye matumba khumi Lolemba ndisanawalonjeze kanthu.