Graph yanga ikuti osewera baseball amakolera pa zaka 38, ndalakwitsa pati?

Wa ma pivot: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Kasitomala akufuna aging curve (mzere woonetsa mmene luso la wosewera limasinthira akamakula) ya ma hitter, omenya mpira aja, a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, pofika Lachisanu. Ndatsitsa Lahman, database ya manambala a baseball, ndatenga 1990 mpaka 2023, ndataya onse osakwana 300 PA (maulendo amene munthu waima kuti amenye mpira), ndapanga average ya OPS (nambala yoyezera luso la womenya mpira) pa msinkhu uliwonse. Mzere ukukwera bwinobwino mpaka cha pa 27, kenako m'malo motsika wangogona, pofika 37 ndi 38 ukudzukanso! Ndabwereza katatu mu pulogalamu ya R, zomwezo. Baseball yakeyo sindinaonerepo gemu mpaka kumapeto, musandiseke.

Madala SQL: Chotsani Barry Bonds, achimwene. Munthu anamenya ma home run 73 mu 2001 ali ndi zaka 36, mu 2004 OBP yake (kuchuluka kwa mmene amafikira pa base) inali .609. Nthawi ya ma steroid imeneyo. Yambirani 2005 mutaone.

Nachisale: Bonds yekha sangapinde mzere wonse, madala. Vuto ndi loti pa 38 mwatsala ndi ndani? Wosewera wamba akafika 32 n'kuyamba kulephera, timu imamutaya, ndipo mu data yanu amangosowa ngati wamira. Ofika 38 akadali ndi 300 PA ndi akatakwe okhaokha, a David Ortiz amene anamenya ma home run 38 mu 2016 ali ndi zaka 40, a Nelson Cruz ndi 41 yawo mu 2019. Ndiye inu mukuyerekeza khamu lonse la pa 25 ndi akatswiri ochepa opulumuka. Musatenge average ya msinkhu. Tengani munthu yemweyo, chaka chino ndi chamawa, muone wasintha bwanji, muphatikize kusinthako msinkhu ndi msinkhu. Delta method, imene Mitchel Lichtman, katswiri wa manambala a baseball, anafotokoza bwino. Weight yake ikhale harmonic mean (mtundu wa average wotsamira ku nambala yaing'ono) ya PA za zaka ziwirizo.

Wa ma pivot: Zikomo achemwali, zamveka. Ndiye 300 PA ija ndiisiye?

Nachisale: Itsitseni. Sefa imeneyo ndi imene ikukutayirani okalamba amene akhala pa benchi, pomwe ndi amene mukuwafuna. Koma delta nayo si mngelo ayi. Amene wabweranso chaka chachiwiri nthawi zambiri ndi amene chaka choyamba anachita mwayi, ndiye kutsika kwake kumaoneka kwakukulu kuposa zenizeni.

Madala SQL: Zonsezo ndi zabwino koma Bonds akadali momwemo.

Mjomba wa ku Leeds: Musanafike ku delta, onani stint. Mu Lahman munthu akagulitsidwa pakati pa season amakhala ndi mizere iwiri kapena itatu chaka chimodzi, mzere uliwonse ndi stint yake. Ine zinandipweteka pa ntchito ina, ndinapanga join pa playerID ndi yearID ndisanaphatikize, anthu anaberekana mu table ngati mbewa. Ndinatumiza report kwa kasitomala, bwana wake anaiona pa meeting pamaso pa anthu. Ndalama anandilipira patatha miyezi itatu, theka lokha. Mpaka lero ndikaona mawu oti stint mtima umagunda.
Chinanso msinkhu. Musangochotsa birthYear ku yearID. Webusaiti ya Baseball-Reference imawerenga zaka zimene munthu ali nazo pa 30 June, mukapanda kutero manambala anu sagwirizana ndi amene kasitomala akaone pa intaneti.

Kamwana ka Python: Komanso 2020 inali ya magemu 60 okha m'malo mwa 162. Ndi 300 PA chaka chimenecho chasowa chonse mu data yanu, onani. Ndipo OPS yosakonza ndi yoopsa, chifukwa ligi yonse imakwera n'kutsika. Gawani ndi average ya ligi ya chaka chimenecho, kapena mutenge wRC+, nambala yokonzedwa kale molingana ndi ligi, pa webusaiti ya FanGraphs.

Madala SQL: Ndi zimene ndikunenazo! Ligi inakwera chifukwa cha mankhwala. Dulani zaka zimenezo basi.

Nachisale: Madala, dulani, mupezabe Albert Pujols. A timu ya Angels anamupatsa contract ya zaka 10, madola 240 miliyoni, ali ndi zaka 31, ndipo anatsika aliyense akuona mpaka anamumasula mu 2021. Mu 2022 wabwerera ku Cardinals, zaka 42, n'kumenya ma home run 24. Anadzukadi, koma ankamusankhira kwambiri ma pitcher amanzere. Graph siidziwa zimenezo, ingoona madala akukolera.

Mjomba wa ku Leeds: Ndipo musakalonjeze kasitomala nambala imodzi. Mwa akatswiri a manambala a baseball, Bill James anati pachimake ndi zaka 27, J.C. Bradbury anadzati 29, anthu anakangana zaka. Zimatengeranso mukuyeza chiyani. Liwiro limayamba kuchoka munthu akadali mnyamata, pomwe diso losankha mpira, ma walk aja, limakhalitsa. OPS imasakaniza zonse m'poto mmodzi.

Kamwana ka Python: Mjomba, kasitomala wa theka uja munamupeza pa intaneti kapena munadziwana? Ndikufunsa chifukwa wina akundizengereza chimodzimodzi, sabata yachisanu ino.

Mjomba wa ku Leeds: Anandilozera mnzanga, ndiye n'chifukwa chake ndinalephera kukalipa. Masiku ano theka patsogolo, apo ayi laputopu sinditsegula.

Madala SQL: Achimwene a pivot, mwayesa kuyambira 2005?