Mjigo ndi zimbudzi za thandizo kumudzi kwathu, amayang'anira ntchito zimenezi ndani?

wa_ku_chigwa:

Abale muli bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu amene mudziwa za zomangamanga kapena munagwirako ntchito ku mabungwe awa a thandizo. Kwathu ndi ku chigwa mbali ya Mambwe, ine ndikhala muno mu Chipata koma amai ndi alongo anga ali kumudzi ndiye nkhani zonse zimandipeza pa foni. Madzi atasefukira dzinja lathali kunabwera bungwe lina, dzina sinditchula, linalonjeza mjigo umodzi, zimbudzi za pasukulu ndi nyumba zingapo za agogo amene zawo zinagwa, pa msonkhano ati zonse zizakhala zopirira nyengo, mvula ibwere mphepo ibwere chilala chibwere sizizagwedezeka. Manje kontilakita wayamba ntchito ndipo mlamu wanga amene ali mu komiti ya V-WASHE, ya madzi ndi ukhondo pamudzi, akuti chiyambireni palibe wa ku bungweko amene wabwera kuzaona, dzenje la chimbudzi akumba kumunsi kumene madzi amaima, mchenga akutapa m'mbali mwa msewu wodzaza dothi. Atafunsa anamuyankha kuti injiniya azabwera pa handover, tsiku lopereka ntchito kwa anthu itatha. Kodi ntchito zotere woyenera kuziyang'anira ndani, ndipo ife a m'mudzi tili ndi mphamvu yanji poti ndalama si zathu? Amai akuti tisavute anthu, angakwiye n'kupita nazo mudzi wina.

mmisiri_wa_Kapata:

Akulu, mawu akuti injiniya azabwera pa handover ndiwo andiopsa kuposa mchengawo. Pa handover munthu aona chiyani? aona penti, aona malata owala, ajambula zithunzi adya nsima apita. Zonse zimene zimagwetsa nyumba zimakhala zitakwiririka kale, maziko anakumba kuya bwanji, pulasitiki yotchinga chinyezi anayala kapena ayi, mu ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, munalowa zitsulo zingati, waya womanga denga anayambira pa mzere uti wa njerwa. Ntchito yolongosoka imakhala ndi poimira, ukakumba maziko suthira konkire mpaka woyang'anira aone asaine, ukamanga zitsulo suthira mpaka aone, ukakhoma matabwa a denga suika malata mpaka aone. Popanda zimenezo mmisiri aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo, mtima umamuuza kuti thumba limodzi la simenti alisunge pambali. Ndikunena anzanga a ntchito, ndiwadziwa.

Kuchigwa kwanuko malo ambiri dothi ndi makande, m'dzinja limafufuma, ikafika Okutobala limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, ndiye maziko osaya khoma limasweka chaka choyamba chomwe. Pansi pa nyumba payenera kukwera kuposa pamene madzi anafika ndipo muyeso umenewo musaufune m'mapepala, pitani pa mtengo waukulu kapena pakhoma la tchalitchi pamene madzi anasiya mzere wa matope, agogo akulozerani ngakhale pa chigumula chakale chimene inu simunachione.

Za mchenga muuzeni mlamu wanu atenge botolo loonekera mkati, athire mchenga theka, adzaze madzi, akhutchumule bwinobwino n'kulisiya usiku. M'mawa mchenga ukhala pansi dothi pamwamba pake, mzere wa dothiwo ukakhuthala kufika chala ndiye kuti mchengawo ungodya simenti pachabe. Konkire ya silabu ndi gawo 1 simenti, 2 mchenga, 4 miyala, ndipo ithiriridwe madzi masiku 7 osachepera, osati kuthira lero mawa anthu akupondapo. Denga waya wake utsike mizere ingapo m'khoma chifukwa mphepo ya mvula yoyamba ija imazula malata pamodzi ndi matabwa ake ngati anangokoleka pamwamba. Denga la mbali zinayi limalimba pa mphepo kuposa la mbali ziwiri koma limadya malata ndi matabwa ambiri, n'chifukwa chake kontilakita salikonda.

mnyamata_wa_pa_boda:

Kkkk koma inunso, zaulere mufuna kuziyeza ndi tepi? Amai anu akunena zoona, pali midzi ilibe ngakhale mjigo wowonongeka, akumwa ndi ng'ombe pa dambo. Landirani kaye zokonza muzakonza nokha.

amai_a_zaumoyo:

Ayi mwana wanga, safunsa anadya phula. Nyumba ikagwa alira ndi banja limodzi koma chimbudzi cha pasukulu chikasefukira zonyansa zimapita ku zitsime za mudzi wonse. Kolera siili kutali ndi ife, mu Januwale 2023 inabuka ku Vubwi kuno kwathu ku m'mawa, ndipo ija inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 dziko lonse, Heroes Stadium inasanduka chipatala, ana anachedwa kutsegulira sukulu. Ndiye nkhani ya dzenje kumunsi si yongolandira ayi.

A wa_ku_chigwa, mabungwe a thandizo ali ndi miyeso yawo imene anagwirizana okha, imatchedwa Sphere, inayamba 1997, ndipo wogwira ntchito za madzi ku bungwe lililonse lenileni aidziwa. Imati dzenje la chimbudzi litalikire mamita 30 osachepera kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo pansi pa dzenjelo pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi. Apa ndi pamene anthu amanamizana, amakumba m'chilimwe dzenje louma gwa n'kumati taonani mulibe madzi, pamene mu Febuluwale madzi a pansi amakwera mpaka kukamwa kwa dzenje. Funsani amai amene amatunga pa zitsime zapafupi kuti m'dzinja chingwe chimatsika mikono ingati, yankho lawo ndiye muyeso weniweni. Malo akakhala otero pali njira ziwiri, kusamutsa chimbudzi kupita kumtunda, kapena kuchikweza pa chulu chomanga, dzenje lomangira njerwa kuyambira pansi kuti lisagumuke, masitepe kukwera, ndi kanjira kotsetsereka ka mwana wolumala. Miyeso ina ndi malita 15 pa munthu pa tsiku, potunga pasapitirire mamita 500 kuchokera panyumba, mjigo umodzi anthu asapose 500, chimbudzi chimodzi cha mabanja anthu 20. Pasukulu onaninso ngati pali posamba m'manja ndi kachipinda ka atsikana kokhala ndi chitseko chokhoma mkati, zimenezi ndi zomwe zimayamba kudulidwa ndalama zikachepa.

Kopita kulipo. Yambani ndi EHT, woona za ukhondo wa pa kiliniki yapafupi, kuona malo a chimbudzi ndi kutenga madzi kukayeza ndi ntchito yake ndithu. Ku khonsolo kuli komiti ya D-WASHE, ya madzi ndi ukhondo m'boma lonse, ndi anthu a zomangamanga, ndipo za ngozi zogwa mwadzidzidzi pa boma lililonse pali komiti yake imene amatsogolera a DC, yogwirizana ndi DMMU, nthambi yoona za ngozi ya mu ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, malinga ndi lamulo la 2010. Bungwe silingolowa m'boma ngati mbuzi m'munda, limayenera kudziwika kumeneko, ndiye kalata ya komiti yosainidwa ndi a mfumu ndi a kansala ikafika amaimva.

wokonza_mijigo:

Ine ndilankhulako za mjigo chabe poti ndine APM, wokonza mijigo m'dera, ndimo mwanga. Funso loyamba, akumba liti? Mjigo wokumba Epulo kapena Meyi madzi a pansi akadali pamwamba umanamiza, makina agunda madzi pa mamita ochepa onse aombera m'manja, ikafika Okutobala pampu ingotulutsa mphepo. Tinaziona bwino pa chilala cha 2024 chija a Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, mijigo yosaya ndiyo inayamba kuuma azimai n'kumadzuka 03 koloko kukadikira pa umodzi wotsala. Ngati akuti wopirira nyengo ndiye auze komiti kuya kwake, madzi anawapeza pa mamita angati, silinda aika pa mamita angati, ndipo ayese kupopa kwa maola angapo osalekeza aone madzi atsika bwanji n'kubwerera bwanji. Zonsezi zimalembedwa pa pepala la wokumba, komiti itenge kope lake isunge, ife okonza timavutika kwambiri kufika pa mjigo palibe amene adziwa mapaipi alimo angati.

Kuyambira 2018 kampani yokumba iyenera kukhala ndi laisensi ya WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndipo mjigo umalembetsedwa, funsani zimenezo. Tsiku loika ma casing, mapaipi otchinga dzenje kuti lisagumuke, mlamu wanu akhale pomwepo ndi kope ndi bolopeni awerenge mapaipi amene akulowa m'dzenje, limodzi limodzi, aonenso kuti athira timiyala tozungulira ndi simenti yotseka kumtunda kuti madzi a mvula asamatsetserekere mkati. Malo osefukira ngati kwanuko silabu ya mjigo ikwezedwe, ngalande italike ikathere ku dzenje la miyala, osati ng'ombe kumapanga matope pa phazi la pampu.

China ndi mtundu wa pampu. India Mark II ya mapaipi achitsulo malo ena madzi amaidya, miyezi ingapo madzi afiira dzimbiri nsima ikuda anthu abwerera kumtsinje. Afridev mapaipi ake ndi a pulasitiki ndipo azimai a komiti atha kusintha ma raba okha ataphunzitsidwa. Koma funsani kaye kuti shopu ya SOMAP yogulitsa zipangizo za mijigo m'boma lanu ili ndi zipangizo za mtundu uti, pampu yabwino yopanda spare ndi chitsulo chabe.

wa_ku_chigwa:

Zikomo kwambiri nonse, ndatumiza zonse kwa mlamu pa WhatsApp. Mjigo sanayambe ndiye pamenepo tili ndi mpata. Koma mantha a amai aja, zoona sangachotse pulojekiti chifukwa tadandaula?

ndinali_ku_NGO:

Akulu, auzeni amai mtima ukhale m'malo. Ndinagwirako ntchito ku bungwe lina kuno ku m'mawa, mudzi ukalowa m'mapepala a wopereka ndalama ndi dzina lake ndi GPS yake, kuuchotsa ndi ntchito yaikulu kuposa kusamutsa dzenje limodzi. Amene amaopseza kuti tipita nazo kwina nthawi zambiri ndi kapitawo wa kontilakita, amene alibe mphamvu imeneyo n'komwe.

Vuto lenileni ndi lakuti injiniya amakhala mmodzi maboma atatu anayi, galimoto imodzi, m'dzinja misewu ya kuchigwa mudziwa nokha, kwinaku ndalama za ngozi zimabwera ndi nthawi yochepa yoti zithe, ndiye amangodalira zithunzi zimene kontilakita yemweyo watumiza pa foni. Wojambula ntchito yake yekha sajambula pokhota. Sindikuwaikira kumbuyo, kusowa kwa woyang'anira ndi kulakwa kwa bungwe, koma mudziwe kuti foni yochokera ku komiti ya mudzi mainjiniya ambiri amaiyamikira chifukwa chimbudzi chikagwa chaka chamawa wofunsidwa ndi iye amene anasaina. Ndipo bungwe lolongosoka limakhala ndi nambala kapena bokosi la madandaulo, opereka ndalama amafuna zimenezo, yang'anani pa chikwangwani cha pulojekiti kapena funsani amene analemba mayina a olandira.

Komiti ipemphe zinthu izi polemba osati pakamwa, chojambula cha nyumba ndi chimbudzi, BOQ yoonetsa matumba a simenti ndi zitsulo ndi geji ya malata, dzina ndi nambala ya injiniya, ndi setifiketi ya kontilakita yochokera ku NCC, bungwe lolembetsa makontilakita. Mitengo akakana kuonetsa musalimbane nawo, inu mufuna kuchuluka kwa katundu. Pa saiti pakhale kope la alendo loti aliyense wobwera kuzaona alembe tsiku ndi zimene wapeza. Ndipo chida chachikulu ndi retention, kontilakita sapatsidwa zonse pomaliza, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti imatsala kwa miyezi 6 kapena 12 kuti chikawonongeka abwere akonze. Pemphani kuti nthawi imeneyo idutse dzinja lathunthu, ndipo a mfumu ndi a komiti asasaine pepala lililonse lakuti ntchito yatha bwino asanaliwerenge, ngakhale atabwera nalo tsiku la phwando ndi ma drink m'galimoto.

A mmisiri_wa_Kapata ndisiyana nanu pang'ono pa denga la mbali zinayi, bajeti za nyumba za thandizo sizifika pamenepo, akalikakamira nyumba khumi zisanduka zisanu ndi ziwiri. Ine ndingalimbikire waya ndi maziko okwera.

mmisiri_wa_Kapata:

Pa denga ndavomera, koma ndiye khonde lisatalike kwambiri mbali yochokera mphepo, ndipo misomali akhome pa msana wa lata osati mu ngalande. Za dzenje lija mlamu asadikire kalata kuyenda, aitane EHT sabata ino silabu isanathiridwe, ikathiridwa palibe kontilakita amene azavomera kuiswa.