Chikwama chasowa pa kabwalo ka ndege kakang'ono, ndilowere kuti?

Moni nonse pagulu pano. Ine zandisokonekera, ndithandizeni nzeru.

Ndinachokera kunja pa tikiti imodzi. Pabwalo lalikulu ndinasintha ndege n'kukwera ya mapulopela, ATR 72, yopita ku kabwalo ka m'tauni ina yakutali ndi likulu. Titatera, katundu anabwera pa kangolo kokoka ndi manja, poti lamba wozungulira uja kumeneko kulibe. Aliyense anatola chake, changa osaoneka. Wantchito anangoti mwina chinatsala chifukwa ndege inalemedwa.

Fomu ya PIR, yodandaulira za katundu wosowa, ndinalemba pomwepo, kapepala ka nambala ya chikwama ndili nako. Ndabwererako katatu, koma ndege imatera kamodzi patsiku, ikangonyamuka ofesi amakhoma. Foni imangoitana. Pa WorldTracer, tsamba la pa intaneti lolondolera katundu wosowa pa ndege, palibe chasintha, ndipo lero ndi tsiku la 16.

Ndikudziwa kuti Pangano la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a pandege a pakati pa mayiko, limati pakadutsa masiku 21 chikwama chimatengedwa kuti chatayika. Kodi limagwirabe ntchito ngati chasowera pa ulendo womaliza wa m'dziko momwemo? Nanga chipukutamisozi ndikapemphe ku kampani ya ndege iti, yoyamba kapena yomaliza? Alipo amene zinamuonekerapo?