Pakeji ya ku Bazaruto: kayak, kuona zilumba ndi kugona pagombe. Ndilipire kapena ndisiye?

Nachisale84: Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndi amuna anga takhala tikusunga kandalama kuti tikaoneko nyanja ya mchere. Ndapeza kampani ina ikutsatsa ulendo wa ku Bazaruto Archipelago National Park, ku Mozambique: kugona masiku 4 pa loji ya m'mphepete mwa nyanja ku Vilankulo, tsiku limodzi kupita ku zilumba pa boti, ndiye akuti kayak ndi yaulere nthawi iliyonse (kabwato kakang'ono kopalasa wekha kaja). Akufuna madola 900 anthu awiri, mayendedwe okafikira kumeneko ndi athu. Amene munafikako, ndi zoyenera ndalama imeneyi? Ine chandikopa kwambiri ndi kayak, ndikufuna ndikapalase ndekha mpaka kuchilumba.

Zuze_J: Musalipire mayi. Mawu akuti "kayak ndi yaulere" ndi amene anandidyera ndalama ine. Loji imene ndinagona, sinditchula dzina koma akudzidziwa, pa zithunzi anandandalika makayak atsopano mzere wonse pamchenga. Kufikako, alipo awiri basi. Imodzi yong'aluka kunsi anaimata ndi tepi yakuda, inayo bowo lotulutsira madzi anatsekapo ndi chidutswa cha patapata. Nkhafi imodzi. Ndikufunsa laifi jaketi, mnyamata wa pa loji akungoseka, akuti amigo madzi ake ndi ochepa. Ndiye tsiku la ku zilumba, takwera kale boti, injini yalira, ndi pamene akutiuza kuti ndalama yolowera m'paki sinali mu pakeji, aliyense apisenso m'thumba. Uli pamadzi ukana bwanji? Akuba enieni.

DonKachingwe: Vuto lanu mumagona kumtunda n'kumati mwapita ku Bazaruto. Vilankulo ndi potera ndege chabe achimwene. Ine ndinagona pa chilumba cha Benguerra penipeni, anatinyamula pa helikopita kuchokera pa bwalo la ndege, tisanamalize n'kujambula komwe tatera. Kayak anyamata amachita kukukankhira m'madzi, ukamabwerera wina akukudikira ndi thaulo. Madola 900 amenewo kumene ndinagona ine sakwana n'komwe usiku umodzi wa anthu awiri.

Chimzy: Funso linali la kayak, yankho labwera la helikopita 😂 Don tamva muli nazo, pumani.

Kamwendo: Achemwali, 900 mukufuna kungoitaya. Pitani nokha, mukagone ku backpackers, malo ogona otchipa aja, m'mawa mutsike kugombe mukakambirane ndi eni ma dhow, maboti amatanga aja. Ine ndinalipira mameticais 3,500 kupita ku chilumba cha Magaruque tsiku lonse, nkhomaliro anatiphikira pamoto m'botimo. Dola imodzi ndi mameticais pafupifupi 64, werengani nokha. Yotsalayo mugulire nsapato amuna anuwo.

Zuze_J: 3,500 inali liti Kamwendo? Ife anatitchaja 6,000 munthu mmodzi, kupatula ya paki.

Kamwendo: Munakwera boti la injini ziwiri inu, komanso simunanenerere. Nkhope yanu imaoneka ya ndalama mwina.

Aphiri_Geo: Mayi Nachisale, za mitengo ndizisiya kwa anzathuwa, koma zopalasa kayak mpaka kuchilumba ziiwaleni ngati simunazolowere nyanja ya mchere. Pa mapu zilumbazo zimaoneka ngati zili pakhomo, koma Benguerra ili pa mtunda wopitirira makilomita 10 kuchokera kumtunda, ndipo madzi a pakatipo sakhala chete. Amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, nthawi yake n'kumasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ku Vilankulo akaphwa amathawa kutali ndithu, maboti n'kutsala atagona chammbali pamchenga. Ukadzuka 9 koloko kuti ndikapalase, ungapeze kuti ntchito yake ndi yoguza kayak pamchenga wonyowa kufunafuna madzi. Ndiye madzi akamatuluka amadutsa mothamanga m'mipata ya pakati pa zilumba, makamaka mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Munthu wopalasa ndi manja sangalimbane nawo, amangopita kumene akupita iwo. Masananso mphepo imakonda kukula. Kayak ya pa loji ndi yozungulira nayo pafupi ndi gombe madzi akadzaza, ola limodzi kapena awiri, basi. Pa 900 yanuyo kayak musaiwerengere kanthu. Werengerani bedi ndi boti.

Nachisale84: Eee aPhiri mwandifooketsatu. Ine ndimaona ngati ndikungopalasa pang'ono ndafika.

Chimzy: Mukanafika ndithu, koma ku Madagascar.

Mai_a_Tadala: Ine ndinganene kuti pitani. Sindinakhudze kayak n'komwe koma sindinadandaule. Anatitsitsa kumapeto kwa chilumba cha Bazaruto, pali chulu chamchenga chachitali, ukakwera masitepe awiri umabwerera limodzi, mchenga ukuwotcha mapazi. Amuna anga anathera pakati n'kukhala pansi. Koma ukafika pamwamba ukuona madzi amitundumitundu, pena obiriwira, pena oyera mchenga ukuonekera pansi, pena abuluu woderako kumene kuli kwakuya, Benguerra ili apo tsidya. Kenako anatipititsa ku Two Mile Reef, malo oonera nsomba m'nyanja, anatipatsa magalasi osambira ndi kapaipi kopumira. Nsomba zake zamawangamawanga zikudutsa pamphuno pompa, ndinaonanso kamba wam'nyanja akukwera kudzapuma mpweya. Chokhacho, popita kumeneko boti limadumpha pa mafunde moti amene ali ndi msana wovuta akhale kumbuyo.

Zuze_J: Ife Two Mile Reef sitinafikeko. Akuti mphepo. Ndalama anabweza? Ayi.

Aphiri_Geo: Pamenepo aZuze mwina woyendetsa boti anakupulumutsani. Malo amenewo ali kunja, mbali ya nyanja yaikulu.

Zuze_J: Andipulumutse ndi ndalama yanga yomwe, osati theka.

DonKachingwe: Ine ndinazungulira zilumba zonse 6, ndipo dugong ndinamuona kawiri tsiku limodzi.

Aphiri_Geo: Zilumba za m'pakiyi ndi 5 bwana: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Chachisanu ndi chimodzicho mwina munachipeza nokha.

DonKachingwe: Pali kena kamchenga kamatuluka madzi akaphwa, tinadyerapo nkhomaliro. Ngati ndinaimapo ndi chilumba.

Chimzy: Kodi dugong ndi chiyani, nsomba?

Aphiri_Geo: Si nsomba. Ndi nyama yoyamwitsa, imapuma mpweya, imadya udzu womera pansi pa nyanja m'malo osaya, ndipo ubale wake uli pafupi ndi njovu kusiyana ndi namgumi. Gulu la ku Bazaruto ndi limene akatswiri amati latsala lokhalo lotha kupitiriza kuswana kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Kuteteza nyama zimenezi ndi akamba n'chimodzi mwa zifukwa zimene anakhazikitsira pakiyi mu 1971. Panopa ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,430, ndipo kuyambira mu 2017 akuiyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma la Mozambique. Ndiye ndalama yolowera ija ndi yovomerezeka, vuto ndi kampani imene sinanene poyamba. Koma dugong ndi wamanyazi, ambiri amabwerako osamuona. Aliyense wokulonjezani kuti mukamuona akukunamizani.

DonKachingwe: Ali mu foni mwanga.

Chimzy: Tiponyereni.

DonKachingwe: Foni ina ija.

Kamwendo: Komanso bwanji Vilankulo? Pitani ku Inhassoro, kumpoto pang'ono, kulibe phokoso ndipo malo ogona ndi otsikirapo. Kuchokera kumeneko Santa Carolina ili pafupi, chilumba chimene amachitcha Paradise Island. Pali mabwinja a hotela ya nthawi ya Apwitikizi, umayenda m'zipinda zopanda zitseko, makoma akugumukira m'nyanja. Madzi ake ndi abata, ngakhale wosadziwa kusambira amaona nsomba ataima.

Mai_a_Tadala: Inhassoro otsikirapo? Ife tinafunsa, ankafuna ndalama zambiri kuposa ku Vilankulo.

Kamwendo: Munafunsa mu Disembala mayi, nthawi imene a ku South Africa amadzaza ndi magalimoto awo okoka maboti. Nthawi imeneyo ngakhale mphasa ya pakhonde amaitchaja ngati chipinda.

Nachisale84: Mwatchula Disembala, ine pakeji yangayi akuti ndi ya Febuluwale. Akuti ndi mtengo wapadera.

Zuze_J: Hahaha. Ndi zimenezotu.

Aphiri_Geo: Febuluwale ndi pakati pa nyengo ya anamondwe. Namondwe wa Favio anasakaza Vilankulo mu Febuluwale 2007, ndipo Freddy ulendo wake woyamba wolowa mu Mozambique anatulukira cha kufupi ndi komweko pa 24 Febuluwale 2023. Sikuti chaka chilichonse zimatero, mukhoza kupeza dzuwa sabata yonse, koma kumatentha koopsa ndipo mvula ikagwa madzi amada, pansi osaoneka bwino. Mu pakeji yanu tsiku la boti ndi limodzi lokha. Likalephereka, 900 yonse mwalipirira bedi. Afunseni ngati amasunthira tsiku lina kapena kubweza ndalama, ndipo akulembereni, osangonena pa foni. Mukanatha kudikira, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala kumakhala kozizirirako ndipo anamgumi amakhala akudutsa.

DonKachingwe: Ine ndinapita mu Janyuwale, kunalibe ngakhale dontho.

Mai_a_Tadala: Inu Don chilichonse chimakukomerani.

Gogo_Nasi: Pepani ndilowerere. Kodi pa zilumbapo pali ng'ona zoona? Mwana wanga akuti anamva choncho.

Aphiri_Geo: Zilipo agogo, koma m'tinyanja ta madzi opanda mchere ta m'kati mwa zilumba, kuseri kwa zulu zamchenga. Kumene anthu amasambira ndi kwina.

Chimzy: Ng'ona, namondwe, kayak yomata ndi tepi. Achemwali gulani firiji basi.

Nachisale84: Ndawalembera a kampani aja. Akuti ndalama ya paki mulibe, ndiye zonse pamodzi zifika cha m'ma 960. Za kubweza ndalama boti likalephereka sanayankhe, angonditumizira chithunzi cha dzuwa likulowa. Akutinso ndikafuna Ogasiti mtengo ndi wina.

Zuze_J: Afunseni makayak alipo angati, akujambulireni lero ndi nkhafi zake pambali.

Kamwendo: 960! Ine ndi imeneyo ndikhala kumeneko mpaka andipatse ufumu.

Mai_a_Tadala: Ya Ogasitiyo akuti zingati? Ngati sikupitirira kwambiri ine ndikanatenga imeneyo.

DonKachingwe: Onjezerani pang'ono mugone pa Benguerra ngakhale usiku umodzi, mudzandithokoza.

Chimzy: Pang'ono pa Don ndi malipiro anga a chaka.

Gogo_Nasi: Nanga ng'onazo zinafikako bwanji pa chilumba?