Ndithandizeni mayina a akatswiri akale a MMA omwe satchulidwatchulidwa

Abale anzanga, masiku ano ndagwa m'chikondi ndi ndewu zakale za MMA (masewera omenyana osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana pansi), ndimaonera pa YouTube usiku bandulo ikakhalapo, koma chikundiwawa n'choti aliyense akati ayankhule za nthawi imeneyo amangoti Royce Gracie, Royce Gracie basi. Inde anawina UFC 1, mpikisano woyamba wa bungwe la MMA la ku America lotchedwa UFC, ku Denver mu 1993, sitikukana, koma nanga Marco Ruas? Mkulu ameneyu mu 1995 pa UFC 7 anagwetsa chimphona Paul Varelans pongochimenya mateche m'miyendo mpaka chinalephera kuima, nthawi imene anthu ambiri ankaona ngati mateche a m'miyendo ndi masewera chabe. Winanso yemwe amandikhudza mtima kwambiri ndi Igor Vovchanchyn wa ku Ukraine, wamfupi koma chibakera chake eee, anafika mpaka fainolo ya mpikisano waukulu wa ku Japan wa Pride Grand Prix mu 2000 n'kugonja kwa Mark Coleman, koma lero achinyamata samudziwa n'komwe.

Ndiye ndikupempha, inu amene munayamba kale kutsata zimenezi, ndi ndani enanso a zaka za m'ma 1990 oti ndiwafufuze? Makamaka omwe ankamenya ku Japan ndi ku Brazil. Komanso ndewu zawo zathunthu ndingazipeze kuti, poti zomwe ndikupeza ndi tizidutswa tokhatokha.